Mpata wa Liwu Limodzi

Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, koma mukalitchula pa ofesi ya maambulansi anthu amayamba ayang'anana. Nenani kuti mukufuna Mayi Ndamva, ngakhale mlonda wa pageti akulozerani asanameze tiyi wake: kwerani masitepe, chitseko chobiriwira, ndipo mugogode pang'ono chifukwa ali pa wailesi. Dzinali linabadwira pa ntchito. Dalaivala akaitana, kaya akunena za ngozi ya basi, kaya akungodandaula kuti tayala latha mano, yankho linali limodzi: "Ndamva." Ndipo mayi amenewa akati ndamva, amakhala atamvadi. Amadziwa dalaivala amene wagwidwa ndi mantha ngakhale akudzilimbitsa, amadziwanso amene akunama kuti ali pamsewu pamene waima pa golosale.

Ntchito anayamba ali mtsikana, pa makina akale olumikizira mafoni, aja obaya zingwe m'mabowo. Makinawo atatayidwa, anzawo ambiri analira nawo n'kubwerera kwawo. Iwo ayi. Anati khutu silikalamba, anakwera masitepe amenewa, ndipo imvi zawapeza momwemo. Chipinda chake si chachikulu: tebulo lalitali, mapu a tauni pakhoma odetsedwa m'malo momwe zala zimalozaloza, fani yolira kwambiri koma yopanda mphepo, ketulo, ndi zenera loyang'ana pabwalo pomwe madalaivala amatsukira magalimoto. Mpando wawo uli ndi pilo wosokedwa ndi tizidutswa ta nsalu. Yerekezani kukhalapo muone.

Lamulo lawo lalikulu aliyense ankalidziwa: pa wailesi palibe chibale. Munthu ndi nambala ya galimoto yake, basi. Dalaivala wina watsopano anayesapo kuyamba ndi ulemu, amvekere, "Mayi, mwadzuka bwanji kumeneko?" Anamuyankha kuti, "Galimoto yachiwiri, moni tikapatsana pamasitepe. Muli pati?" Si nkhanza ayi. Ankati pamene iwe ukufunsa za chimfine cha mnzako, wina akutha magazi m'mbali mwa msewu akudikira kuti umalize.

Ndiye Mulungu, posafuna kuti munthu azinyada, anawapatsa mlamu.

Ameneyu ndi mwamuna wa mng'ono wawo. Anzake amamutcha Mpopi, chifukwa pakamwa pake pakatseguka palibe wodziwa potsekera. Kuyendetsa amatha, izi tisamumane. Matope amene ena amamira nawo mpaka zitseko, iye amadutsamo akusimba nkhani ya mpira. Kampani ya malole yomwe ankagwirako itatseka, anakhala pakhomo miyezi yambiri akulankhulitsa nkhuku, mpaka Mayi Ndamva anamutsina khutu kuti ku ofesi kukufunika dalaivala, akayese mwayi. Anamulemba. Tsiku limene anayamba ntchito, mkazi wake, yemwe ndi telala pakhonde la sitolo ya nsalu, anaimitsa makina n'kuyang'ana achemwali ake mosaseka.

"Achemwali, mwanditengera munthu ku ntchito ya liwiro. Ine bwana wina sindimudziwa. Ndinu muzindibwezera munthuyu madzulo aliwonse."

Iwo anayankha mwachizolowezi kuti ndamva. Koma mawu amenewo anawasenza, ndipo tsiku lililonse galimoto yachinayi ikatuluka pageti, diso lawo linkapita pazenera.

Pabwalo zinali za chilamu zokhazokha. "Akazi anga aakulu, lero ndiye mwatchenatu!" Iwo amvekere, "Chokani apa alamu, mukanayamba mwatsuka galimoto yanuyo, ikununkha sokosi." Koma akangokhala pa pilo uja, mlamu ankatha. Mpopi anayesa kangapo kuitana kuti, "Alamu, ndafika kuchipatala." Kunkangoti zii, mpaka anene bwinobwino kuti ofesi, ino ndi galimoto yachinayi. Zaka zonsezo sanamutchulepo mwanjira ina pa wailesi, ngakhale mongolakwitsa.

Wailesi yakale inali ndi njira imodzi yokha. Wina akadina batani n'kumalankhula, ena onse atseke pakamwa, adikire. Masiku abata zinkayenda. Koma tsiku la ngozi yaikulu, kapena mvula ikayamba kugwetsa nyumba, aliyense ankafuna kulankhula nthawi imodzi, ndipo m'chipindamo munkangomveka kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya. Apolisi anali ndi wailesi yawo, ozimitsa moto yawonso, osamvana. Uthenga wa apolisi kuti ufike kwa dalaivala unkadzera pa foni, foniyo ikakhala kuti ikugwira. Ndiye madalaivala anapeza nzeru yawo: ukaupeza mpata, usautaye. Chala pabatani osachotsa mpaka wanena zonse. Mpopi ndiye anapita nazo patali. Anadula kamphira ka chubu, akangoupeza mpata n'kumanga batani kuti gwa, manja onse pa chiwongolero, pakamwa pali pa ntchito. Ankati akusunga malo, monga momwe munthu amasiyira ndowa pamzere wa madzi. Kuipa kwake n'kwakuti wailesi yodinidwa batani imangolankhula, siimva. Mayi Ndamva anamulanda timphira tambirimbiri, koma inu, machubu akutha angasowe pamalo okonzera magalimoto?

Kenako kunabwera mawailesi atsopano, limodzi ndi mtsikana wodzawaika, wa nsapato zachitsulo kutsogolo, yemwe aliyense ankangomuti a Injiniya. Tsiku lophunzitsa, madalaivala anakhala pabenchi atapinda manja, nkhope zili ndwii, poti munthu sakonda kuphunzitsidwa ntchito ndi msinkhu wa mwana wake.

"M'mlengalengamu muli njira zambiri zodutsamo mawu," anatero mtsikanayo. "Zina ndi za nyumba zoulutsira mawu, zina za akanema, zina za makampani. Koma eni ake sazigwiritsa ntchito zonse nthawi imodzi. Wailesi iyi imayamba yamvetsera. Ikapeza njira yomwe ili zii, imalowamo, inu n'kumalankhula. Mwini njirayo akabwera, imapatuka yokha n'kusamukira ina, inu osadziwa n'komwe. Njira ikadzaza, imakupezerani ina. Simudzalimbiranso mpata. Ndipo inu, apolisi ndi ozimitsa moto muzimvana."

"Ndiye kuti ndi wailesi yopanda kwawo?" anafunsa Mpopi. "Yongogona m'makonde mwa eni?"

Benchi yonse inafa ndi phwete.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, a Injiniya, wa pachala ndi wa mphepo. Ine njira ndikaigwira, ndaigwira," anawonjezera Mpopi.

Mtsikanayo sanakwiye. "Bambo, mukamanga batani, mawailesi a anzanu adzaona kuti njira yatsekeka, adzasamuka onse. Inu mudzatsala nokha, mukulankhula ndi mphepo yomweyo."

Mayi Ndamva wailesiyo anaikonda tsiku lomwelo. Anthu ankayembekeza kuti munthu wa imvi ndiye akana, koma iwo anakokera mpando pafupi ndi a Injiniya n'kumawapanikiza ndi mafunso masana ambiri: magetsi akazima bwanji, mwini njira akabwera munthu ali pakati pa chiganizo bwanji, nanga timizere tikudumphadumpha pa kompyutati tikunena chiyani. Ankauza madalaivala kuti, "Chinthu chimene chimamvetsera chisanalankhule chinaleredwa bwino. Chikuposa anthu ena amene ndikuwadziwa." Ananena akuyang'ana mlamu wawo. Anatsika okha pabwalo, anafufuza m'galimoto yachinayi mpaka pansi pa mpando, anapeza timphira tiwiri n'kutiponya m'bini. Mpopi analumbira, dzanja pamtima, kuti zimenezo wasiya.

Tsiku lomwe tikunenali mvula inayamba m'mawa anthu akupita ku ntchito, ndipo siinali mvula yosewera. Pofika masana ngalande zonse zinali zitasefukira, magetsi atazima, nsanja ya mafoni itasiya kugwira. Aliyense anali ndi foni m'thumba, koma inali ngati sopo. Chipinda cha Mayi Ndamva chinkayendera mabatire. A Injiniya anafika atanyowa chonyowa, kudzaona ngati mawailesi awo apirira tsiku loyamba lovuta.

Anapiriradi. Kuthetheka kuja kunalibe. Mawu ankabwera oyera, wina pambuyo pa mnzake, timizere pa kompyuta tikungodumpha kuchoka njira iyi kupita iyo. Ozimitsa moto anapempha ambulansi kumene denga la sitolo linagwa, Mayi Ndamva anatumiza yachiwiri. Apolisi anati msewu wa ku depoti wadzaza madzi, iwo anakhotetsa yoyamba isanafikeko. Ankagwira ntchito mosangalala, msana uli chilili, tiyi akuzizira pambali. Anatembenukira kwa mtsikana uja n'kunena kuti, "Mwana wanga, mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Lero ndavomera."

Galimoto yachinayi anaitumiza kumtunda, kutsidya kwa mtsinje, kumene khoma linagwera mmisiri womanga nyumba. Popita inawoloka mlatho bwinobwino. Patapita nthawi Mpopi anaitana kuti wodwala amukweza, ali ndi anesi kumbuyo, akubwerera. Kuchokera apo sanamvekenso, ndipo m'chipwirikiti chimenecho palibe anadabwa.

Kenako panalowa mawu a mwamuna wopuma mwawefuwefu.

"Ofesi ya maambulansi, kuno ndi apolisi, pa mlatho wa kumsika wa matabwa. Mlatho waduka pakati. Ndikubwereza, waduka pakati. Ife tili tsidya la kutauni, mbali ino tatseka. Mbali inayo kulibe wathu. Madzi akudutsa pamwamba, wochokera kumtunda sangadziwe kuti pakati palibe kanthu. Musatumizeko galimoto."

"Ndamva," anatero Mayi Ndamva. Mapu sanawayang'ane n'komwe. Msewu wachidule wochokera kumtunda ndi umodzi, ndipo umathera pa mlatho umenewo.

"Galimoto yachinayi, ino ndi ofesi. Imani pomwe mulipo."

Zii.

"Galimoto yachinayi, yankhani."

Yoyamba inayankha kuti ikumva. Yachiwiri inati nayonso ikumva. Yachinayi, zii. A Injiniya anali atawerama kale pa kompyuta, madzi akudontha m'tsitsi kugwera pa tebulo.

"Wailesi yake ili moyo, mayi. Koma yatsala yokha pa njira ina. Ikungolankhula osaleka."

Anayang'anana. Panalibe chofunsa.

"Mphira," anatero Mayi Ndamva. "Tsegulani timumve."

Mtsikanayo anadina, ndipo mawu a Mpopi anadzaza chipinda chonse, limodzi ndi kulira kwa injini ndi mawaipa akumenya galasi.

"…ndiye limbani bambo, mwendo umenewo akaukonza, mudzamanganso nyumba zosanja. Ofesi, ndikudziwa mukundimva, njira ndaigwira, musadandaule. Lero si tsiku lodalira wailesi yogona m'makonde. Uzani achipatala akonzeretu magazi. Tikudutsa pa chigayo tsopano…"

Mkwiyo umene unawakwera Mayi Ndamva, inu! Akanakhala ndi njira akanalowa m'wailesimo, akamugwire khutu munthu wamkulu ndi ndevu zake. Munthu wolumbira dzanja pamtima! Koma mkwiyo sunakhalitse, mantha anaukankha. Msewu umenewo ankaudziwa ngati khonde la nyumba yawo: chigayo, kenako sukulu, kenako mtsetse wotsika, kona, mlatho. Munthu wotsika mtsetse umenewo mvula ikugwa amauona mlatho ataufika kale. M'galimotomo munali anthu atatu, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi mkazi yemwe sadziwa bwana wina.

"Simungaizimitse muli konkuno?"

"Ndingathe. Koma ikazima, akhala wosalankhula komanso wosamva."

Mayi Ndamva anaitana apolisi aja kuti akuwe, agwedeze manja, achite chilichonse. Asajeni anati ayesa, koma mtsinje ukulira kuposa munthu, ndipo kona ikubisa msewu.

"Pali kanthu kamodzi," anatero a Injiniya, zala zikuthamanga. "Wailesi iyi ngakhale muimange, siingalankhule osapuma. Imakhala chete pang'ono, mobwerezabwereza, kuti imve ngati mwini njira wabwera. Pa kampata kameneko ndikhoza kulowetsa mawu anu ngati uthenga wa ngozi, iye awamva. Koma ndi kampata, mayi. Liwu limodzi basi. Ndikatsitsa dzanja, nenani."

Anakweza dzanja, maso ali pa kompyuta. Mayi Ndamva anagwira cholankhulira ndi manja awiri. Dzanja linatsika.

"Galimoto yachi—"

Kampata kanatseka. Chizolowezi cha zaka zonse chinawadyera mpata.

"Mwamva, anesi?" anatero Mpopi akuseka. "Wailesi yanzeru ija yayamba chibwibwi. Ndinanena ine! Ofesi, tafika pa sukulu."

Dzanja linakweranso. Kudikira kwake kunali kowawa, poti Mpopi anayamba kufotokozera wodwala za mkazi wake, kuti amasoka masuti abwino kuposa a m'sitolo, akachira adzabwere adzamuyeze. Dzanja linatsika.

"Imani!"

Linadutsa lonse, loyera.

"Akuimitsa wina ameneyo," anatero Mpopi. "Tsiku ngati lero aliyense akuimitsidwa. Ife tanyamula munthu, sitingaime."

Kumbuyo kunamveka mawu a anesi. "A Mpopi, bwanji mumasule kaye mufunse?"

"Ndikamasula atilanda njira, anesi. Inu simukuwadziwa anthu awa. Tikawoloka ndimasula."

A Injiniya anatukwana chapansipansi, mawu oti makolo awo sanawaphunzitse. Mayi Ndamva sanawadzudzule. Dzanja linakwera, linatsika.

"Mlatho!"

"Eyaa, mlatho, tikubwera komweko!" anayankha Mpopi mokondwa. "Mwaona anesi, akutimva. Akutidikira."

Pamenepo injini inasintha kalilidwe. Wina sakanamva kanthu, koma Mayi Ndamva anamva: wabweza giya. Wayamba kutsika mtsetse.

Mtsikana uja anawayang'ana. "Kakubweranso kamodzi, mayi. Kenako sindikudziwa."

Liwu liti? Nambala ya galimoto ndi yaitali. Kuima akuti n'kwa wina. Mlatho akuuthamangira. Pankafunika liwu loti likangomveka adziwe kuti ndi lake, la iye yekha, komanso adziwe kuti zinthu zaipa. Iwo amanena kuti sanaliganize ndi mutu. Dzanja la a Injiniya litatsika, linangotuluka, ndipo silinatuluke ndi mawu a pa wailesi aja odekha. Linatuluka ndi mawu a pakhomo, amene mayi amakuwa nawo mwana akamathamangira pamoto.

"Alamu!"

Mpopi anadukiza nkhani pakati pa liwu. Kwa kanthawi kunangomveka mawaipa. Kenako mabuleki, matayala akukhululuka pamatope, zitsulo zikugwa kumbuyo, anesi akukuwa kuti mayo. Galimoto inakhululuka, inakhululukabe, mpaka Mayi Ndamva anatseka maso. Kenako phokoso lonse linatha, kunatsala injini ikuguguda pamalo amodzi.

Panamveka kukanda, ngati munthu akulimbana ndi mfundo. Pa kompyuta kamzere kamene kanali kokha kanadumpha n'kukalowa pakati pa anzake.

"Ofesi…" Mawu ake anali aang'ono, oti simungati ndi Mpopi. "Ofesi, ino ndi galimoto yachinayi. Kwagwanji?"

"Galimoto yachinayi, mlatho waduka pakati. Musasunthe kupita kutsogolo. Nenani ngati mwamva."

Patapita kanthawi anesi ndiwo anadina batani. "Ofesi, atsika. Akuyang'ana kutsogolo. Wodwala ali bwino, botolo la dilipi lokha ndi limene lagwa, ndalikonza."

Anadikira. Mayi Ndamva anayankha ozimitsa moto, anayankha galimoto yoyamba, mawu ali bwinobwino ngati palibe chachitika. Kenako Mpopi anabwerera.

"Ofesi, kona ndinali nditaitha kale. Madzi ndi awa. Akuoneka ngati msewu, ofesi. Akungooneka ngati msewu wonyowa." Anapuma. "Apolisi ndikuwaona kutsidya, akugwedeza zipewa. Ndikanawaona ndili m'madzi."

"Galimoto yachinayi, mubwerere chambuyo mpaka pa sukulu. Mukhotere kumanja, msewu wa m'mbali mwa njanji. Ozimitsa moto akuti mlatho wa kumeneko ndi wolimba, adutsapo posachedwapa. Achipatala ndawauza, magazi akonza."

"Miyendo ikunjenjemera, ofesi."

"Injenjemere, koma iponde. Muli ndi wodwala."

"Ndamva."

Anabwerera chambuyo pang'onopang'ono, anesi akumuuza za ngalande kudzera pa zenera lakumbuyo. Ulendo wonse wa m'mbali mwa njanji ankadina batani, kunena pomwe wafika, n'kulisiya. Mmisiri uja anafika kuchipatala ali moyo, ndipo mwendo wake anaupulumutsa.

A Injiniya anakhala pansi penipeni, pasimenti, atatsamira khoma. "Mawa ndikonza," anatero. "Batani likadinidwa nthawi yaitali, wailesi izidzimasula yokha n'kutsatira anzake. Ndikanaziganizira kale zimenezi."

"Munapangira anthu akumva, mwana wanga. Simunadziwe kuti kuno tili ndi alamu. Imwani tiyi uyo, wazizira koma ndi tiyi."

Ntchito siinathere pamenepo. Panali mayi woyembekezera wotsekeredwa ndi madzi, panali mwana womwa parafini, panali galimoto yoyamba yomwe inatitimira kuseri kwa msika. Mayi Ndamva anazitenga imodziimodzi mpaka mvula inayamba kuchepa ndipo wowalandira ntchito anafika, buluku atapinda m'mawondo. Ameneyo anali atamva kale pamasitepe. Anafuna kuseka, amvekere, "Mayi, akuti lero pa wailesi panali chibale?" Anamuyang'ana kamodzi, iye anameza zotsalazo. Galimoto yachinayi inali idakali kuchipatala, kudikira kuti madzi aphwe pa msewu wa ku depoti.

Atatuluka pageti sanapite kokwerera minibasi. Anakhotera kumanzere, wapansi, ndi yunifolomu yomweyo, nsapato zikumira m'zithaphwi. Mafoni anali asanayambe kugwira, ndipo iwo ankadziwa mmene nkhani zimayendera m'tauni mafoni akafa: zimathamanga kuposa galimoto, ndipo zimafika zitanenepa. Podutsa pa malo ogulitsira makala anamva mayi wina akuuza mnzake kuti ambulansi yagwera mumtsinje ndi anthu onse. Anawonjezera liwiro, munthu woti masitepe a ku ofesi amakwera akupumira.

Mng'ono wawo anali atakokera makina kukhoma kuthawa mpemera. Sankasoka. Anangokhala, nsalu ili pamiyendo, maso ali kumsewu. Atawaona achemwali ake akubwera wapansi, ndi yunifolomu, nthawi yoti sabwera, sizasi inagwa pansi. Anaimirira, anakhalanso, dzanja lili pakamwa.

Mayi Ndamva sanadikire kuti afike pakhonde. Moni sanapereke. Anakuwa ali pakati pa msewu, anthu a m'masitolo akusuzumira.

"Ali moyo! Wamva? Ali moyo, alibe ndi bala lomwe! Ali kuchipatala, akudikira msewu!"

Telala uja sanasunthe. Anawayang'ana mpaka anakwera pakhonde, ngati akufuna aone ngati nkhope ikugwirizana ndi pakamwa.

"Zoona, achemwali? Musandinamize."

"Ndinakunamizapo liti? Akubwera ndi miyendo yake. Ndipo akafika usamupatse madzi osamba, uyambe wandiitana. Mbama yoyamba ndi yanga, iwe ubwere pambuyo."

Mng'ono wawo anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, n'kuwerama kutola sizasi. Anafunsa kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni, poti anthu akunena zambiri. Mayi Ndamva anakonza kukhosi kuti afotokoze mwadongosolo, monga amachitira ku ofesi: nthawi, malo, galimoto. Ananena za chigayo. Ananena za sukulu. Atafika pa mtsetse, pakamwa panakana. Anayesanso, mawu osatuluka. Mayi woti wauza anthu za ngozi moyo wake wonse osagwedera anaima pakhonde la sitolo, madzi akuchucha m'siketi, akulira ngati mwana.

Mng'ono wawo sanafunsenso. Anakoka nsalu yatsopano ya kasitomala, yosadula n'komwe, anawafunditsa m'mapewa, n'kuwakhazika pa mpando wake wosokera. Kenako anagwada pasimenti yonyowa n'kuyamba kuwavula nsapato.

"Zotsalazo adzanena yekha, pakamwa ali napo," anatero. "Inu khalani pansi, achemwali. Mwafika."